Ndinaipitsa Dzina la Mwamuna Wanga Chifukwa cha Anamgumi

Inu owerenga, ine ndinanamizira mwamuna wanga chigololo chomwe sanachite, ndipo umboni wanga unali buku la zithunzi la mwana wa zaka zinayi. Ndikulemba izi nkhope ili pansi. Sukulu ndinalekezera Sitandade 7, koma si zimenezo zinandigwetsa. Chinandigwetsa n'kudziwa pang'ono, n'kumadziona ngati ndadziwa zonse.

Timakhala ku Lawrence, mu Indianapolis muno. Bambo a Tadala amagwira ntchito yoyendetsa odwala pachipatala china cha m'tauni, ine ndimaluka tsitsi pakhomo uku ndikulera mwana wathu Tadala. Kuntchito kwawo kuli mkulu wina wa konkuno, dzina lake Ray, wokonda kuwedza. Chaka chilichonse iye ndi anzake amatsetsereka pagalimoto mpaka ku Louisiana, kunyanja yamchere, n'kubwereka boti lokawedzera nsomba zikuluzikulu zotchedwa tuna pakati penipeni pa nyanjayo. Chaka chatha mmodzi mwa iwo anadwala, malo ake n'kupatsa bambo a Tadala. Ndinavomera ndi mtima wonse. Ndinatsuka filiza, ndinagula bokosi la ayisi, mpaka ndinalonjeza amayi awiri akutchalitchi kuti alawako.

Ananyamuka Lachinayi. Loweruka lonse foni yawo sinkalowa. Lolemba masana anatulukira, milomo itang'ambika ndi dzuwa, koma akumwetulira ngati atola chinthu. Nditatsegula bokosi lija ndinapezamo mutu umodzi wa nsomba, waukulu ndithu, wong'ambikang'ambika kukhosi. Basi.

Anayamba kufotokoza asanavule ndi nsapato zomwe. Akuti atafika kutali kumene foni sigwira, chinsomba chinadya nyambo yawo, n'kulimbana nacho mpaka m'manja matuza. Chitatsala pang'ono kufika paboti, chingwe chinangopepuka. Pokoka, mutu wokhawokha. Kenako pambali pa boti panavuuka anamgumi aja akuda kumsana, oyera kumimba, omwe kuno amati orca, angapo ndithu, wina ali ndi kamwana kake. Woyendetsa boti anati tsiku lathera pomwepo, chifukwa akafika amenewa nsomba zimabalalika, yomwe yakodwa amakulanda, ndipo lamulo sililola kuwathamangitsa. Anasunthira kwina koma anamgumiwo anawatsatabe. Lamulungu kunachita mphepo, boti silinatuluke n'komwe.

Ine ndinkamvetsera, koma mtima unali utayamba kale kuzizira. Tadala ali ndi buku la nyama za m'madzi lomwe ndimamutsegulira tsiku ndi tsiku, ndipo namgumi ameneyo alimo, akudumpha pakati pa mapiri a ayisi. Ndinadzifunsa kuti nyama ya kozizira ikatani ku Louisiana, kotentha ngati ku Nsanje? Nanga mitu ya nsomba si ija ndimaiona m'masitolo a pa Lafayette Road? Nditafunsa za zithunzi anati foni inali m'chikwama, manja ali pachingwe, koma Ray anajambula vidiyo, amuuza atumize. Ndinangoti musavutike. Mutu uja ndinakautaya m'bini iwo akusamba.

Anthu amanditama kuti ndine wodekha, sindikalipa. Kudekha komweko n'kumene kunandipweteka. Masabata awiri ndinaphika, ndinachapa, ndinawatsanzika bwinobwino popita kushifiti, koma m'mimba ndikuweta nkhani. Ndinkasecha m'matumba a mathalauza awo. Kawiri konse anandiitana kuti vidiyo ija yafika, ndibwere ndione. Ine ndinkati ndili ndi kasitomala, chifukwa mumtima ndinali nditagamula kale kuti amuna amabisirana, ndipo masiku ano vidiyo munthu amangoitola pa intaneti.

Ndiye kunabwera mayi wina wa kwathu wochokera ku South Bend kudzalukitsa. Mukudziwa nokha kuti kuluka kumatenga tsiku, ndipo pakamwa pamayabwa. Ndinamuuza zonse, n'kumupempha kuti asauze munthu. Iye anaseka mpaka ndinaphonya mzere. Anati, "Asisi, namgumi ameneyo amavala wigi."

Sabata isanathe nkhani inali m'magulu onse a pafoni a anthu akwathu. Ena anaikapo ndi dzina la mtsikana wina wa m'kwaya, kungoti naye sanaoneke kutchalitchi Lamulungu lomwelo. Akuluampingo anauza bambo a Tadala kuti ayambe apuma kutsogolera nyimbo. Mwamuna wangayo anabwera kunyumba n'kundifunsa modekha ngati ndikudziwa kumene zachokera. M'malo mochita mantha, ndinaona ngati anthu onsewo akundichitira umboni. Ndinaimbira a Mbewe a ku South Bend, omwe amatiimira ngati ankhoswe poti eniake ali kumudzi, kuwauza kuti banja ndatopa nalo.

Anatiitana Lamulungu masana. Msewu wonse wa ku South Bend m'galimoto munkangomveka Tadala akuimba kumbuyo. Titafika, a Mbewe ndi akazi awo anatikhazika pabalaza, ine n'kuyala mlandu wanga wonse: foni yosalowa, mutu wogula, ndi buku lomwe ndinachita kulinyamula m'chikwama. Ndinalitsegula pamaso pa akuluakulu, inu, n'kuloza ayisi ndi chala.

A Mbewe anangofunsa funso limodzi. "Mayi a Tadala, vidiyoyo munaionera?"

Ndinati ayi. Anaitanitsa foni ya bambo a Tadala n'kuilumikiza ku TV.

Madzi obiriwira, dzuwa lili phwee, azibambo ali m'makabudula thukuta lili kamukamu. Ndinaona mwamuna wanga atavala chipewa chomwe ndinamugulira ndekha, atanyamula mutu uja. Kenako chipsepse chakuda chachitali ngati chitseko chinatuluka m'madzi pafupi ndi boti, china pambuyo pake, ndi kakang'ono pambali. Anzawo onse ankakuwa m'Chingerezi. Pakati pa phokosolo panamveka mawu amodzi a Chichewa, a munthu wosangalala ngati mwana: "Mayo ine! Mayi a Tadala akanaona izi!"

Akazi a a Mbewe anayang'ana pansi. A Mbewe anakhosomola n'kunena kuti, "Ndiye mkazi mumanenayo ndi uti pamenepa, wamkuluyo kapena kamwanako?" Palibe anaseka. Kenako anandiuza mofatsa kuti nyamazi zimapezeka m'nyanja zotentha zomwe, kungoti zimakhala kutali ndi gombe, ndipo wojambula buku la ana sangajambule dziko lonse patsamba limodzi.

Ndinagwada. Bambo a Tadala anangoti, "Dzukani, mwana akuona."

Ndinayesetsa kukonza. Ndinaimirira pamaso pa amayi a mpingo n'kunena kuti ndinanama ndine. Ndinapita kwa mtsikana uja, anandimvetsera ali pakhomo osandilowetsa, ndipo pano amapemphera kwina. Bodza langa linafika kwa apongozi anga ku Ntcheu tsiku limodzi, koma kupepesa kwanga mpaka lero kukuyenda wapansi. Akaimba foni amandipatsa moni n'kupempha mdzukulu wawo. Bambo a Tadala anauzidwa kuti abwerere kukwaya, anakana. Sanandisiye, sanandinyoze, chakudya changa amadya. Koma kale akaweruka ankandiuza tonse ta kuntchito, pano ndikafunsa amangoti kunali bwino.

Inu owerenga, makamaka amayi anzanga omwe amuna anu amapita kokawedza kapena kulikonse kumene inu simunafikeko, munthu akabwera chimanjamanja ndi nkhani yachilendo, musathamangire kuti wanama. Dziko lino ndi lalikulu kuposa zomwe tinaona. Ngati mtima wakayika, funsani mwiniwakeyo tsiku lomwelo, ndipo akati bwerani muone, siyani zomwe mukuchita mukaone. Kukhala chete uku ukusunga mlandu si kudekha ayi. Ndipo nkhani ya m'nyumba mwanu musaiuze mutu womwe mukuluka, chifukwa mutuwo ukadzuka pampando umapita nayo kumene inu simungakaitenge.