Velo ya Tusekele Inakathera ku London

Kuno ku Indiana, m'dziko la America, Mmalawi akamapita kumudzi sanena. Ukangoyasamula kuti mwezi wamawa ndikukwera, wadziputira wekha. Mawa lake pakhomo pako padzaza majumbo, mafoni akale, nsapato za ana, mankhwala a miyendo, aliyense akuti, “N'kakang'ono, sikalemera.” Umakatsika pa Chileka ndi malaya amodzi, katundu yense ali wa eni. Ndiye anthu anaphunzira kuzemba. A Wanangwa anatiuza kuti akupita ku Ohio kumaphunziro a ntchito, ife n'kuwapempherera, kenaka tinangowaona pa Fesibuku akukukuta chimanga chootcha ku Mzuzu. Kuyambira pamenepo munthu akatchula ulendo timayamba tamuyang'ana m'maso.

Katswiri woyang'ana m'maso ndi mayi Evelina, amene tonse timawaitana kuti amake Tuse. Ine Flora ndimagwira nawo ntchito panyumba yosamalira okalamba ku South Bend. Anabwera kuno mwana wawo Tusekele asanayambe n'komwe sukulu. Anamusiya kwa mng'ono wawo ku Ndirande, akuti kwa chaka chimodzi chokha. Mapepala awo sanalongosoke mpaka lero, ndipo atati atuluke m'dziko muno sangaloledwe kubwerera. Choncho mwanayo anamulera kudzera m'masutikesi a anthu: yunifolomu, nsapato za ubatizo, diresi la tsiku lomaliza sukulu. Musadabwe tsono kuti khutu lawo limamva zipi ya sutikesi ikutsekedwa ku Indianapolis iwo ali ku South Bend.

Chaka chino Tusekele anapeza banja. Amake anagula nsalu yoyera yopyapyala n'kuyamba kusoka velo ndi manja, mkanda umodziumodzi m'mphepete, nthawi yopuma ife tikudya. Anaimaliza ukwati utafika kale pamphuno. Zotumiza papositi anakaniratu, chifukwa diresi lina la Khirisimasi linafika pa Isitala litachita nkhungu. Ankafuna dzanja la munthu, koma wokwera sankaoneka.

Ndipamene tinamva kuti a Sosten ndi akazi awo a Ida, a ku Lawrence pafupi ndi Indianapolis, akupita ku London ndi ana awo awiri, mlungu womwewo wa ukwati.

“Kukatani?” anandifunsa amake Tuse.

“Akuti kukangoona. Wotchi yaikulu ija, mlatho, nyumba ya mfumu.”

“Asisi Flora, bambo wa ndevu zake angakwere ndege usiku wonse kukaona wotchi? Pamkono alibe? Nanga a Ida, mayi awo ali moyo ku Chilomoni, akaone mlatho?”

Kunena zoona, nanenso sizinandilowe m'mutu. Ife tchuthi timachisungira maliro ndi maukwati. Munthu wopita kukaona nyumba za eni, wopanda mbale kumeneko, ndinali ndisanamuonepo. Umboni nawo unayamba kubwera wokha. A Ida anakalukitsa tsitsi lija lokhalitsa. Anagula masutikesi atsopano. Ndipo m'bale wina wa kutchalitchi anawaona a Sosten akugula pulagi ya mano atatu, yomwe ija ya m'makoma a kwathu. Wina anati ku London amagwiritsanso ntchito yomweyo, koma amake Tuse anangomuseka. “Ndiye chifukwa chake asankha kunama London,” anatero.

Loweruka lomaliza a Sosten asananyamuke ndinawatenga amake Tuse pagalimoto yanga mpaka ku Lawrence. Njira yonse velo inali pamiyendo pawo, itakulungidwa m'chitenje. Tinapeza masutikesi ali yasa pabalaza. A Ida anatilandira bwino, n'kutipatsa tiyi, koma ataona chitenjecho nkhope inagwa.

“Anti, ndikudziwa chimene mwabwerera. Chonde ndimvereni. Tabukitsa hotela ku London. Ana akula osaona kalikonse, ife tingokhalira ma shifiti. Kumudzi sitikupita.”

“Mwanangu, sindiuza munthu. Ine ndi chitsime chakuya. Mwana wa mnzako ndi wako yemwe.”

A Sosten anatulutsa foni kuti awaonetse matikiti. Amake Tuse anayang'ana kumbali. “Bambo, a Wanangwa nawonso anationetsa foni.”

A Ida analumbira, mpaka anatchula bambo awo amene ali kumanda. Ine ndinayamba kuchita manyazi, koma amake Tuse anangogwedeza mutu ngati munthu amene wagonja. Eni nyumba atatiperekeza panja, amake Tuse anati aiwala magalasi, n'kubwerera okha m'nyumba. Tili pamsewu, titadutsa kale Kokomo, ndinaona kuti pamiyendo pawo palibe kanthu.

“Ili m'thumba lam'kati la sutikesi yaikulu,” anatero modekha. “Katundu akafika kumudzi sabwerera. Akaitulukira adzachita manyazi, adzakapereka.”

Ndinakwiya kwambiri. Kuika chinthu m'sutikesi ya munthu osamuuza, kuno, ndi nkhani yoti munthu n'kumangidwa nayo. Ndinawakalipira mpaka mawu anandithera. Iwo anangoti, “Asisi, inu ana anu mumagona nawo nyumba imodzi.”

Banja lija linanyamuka. Amake Tuse anadikira kuti ayambe afika, kenaka anawalembera a Ida pa Watsapu kuwauza pamene pali velo. Uthengawo sunawerengedwe. Ndinamva pambuyo pake kuti a Ida anazimitsa foni chifukwa theka la tchalitchi linkawatumizira maina a abale oti akawaone ku Blantyre. Koma kwa amake Tuse kuzima kwa foniko kunali umboni womaliza. Anaimbira Tusekele mosangalala. “Pita ku Chilomoni, kwa mayi awo a Ida. Velo yako yafika.”

Lachinayi mkwatibwi anasiya zokonzekera zonse n'kukwera minibasi. Anapeza mayi wokalamba akuchapa, wosadziwa kanthu. Mayiyo atamva kuti mwana wake ali m'dziko koma sanafike pakhomo, analira. Tusekele anakhala pakhonde lawo mpaka dzuwa kupendeka, kuopa kuti mwina alendowo atulukira.

Lachisanu madzulo a ku London, kuno tili pantchito, foni ya amake Tuse inalira. Anali a Ida, pa vidiyo. Kumbuyo kwawo kunkadutsa mabasi ofiira osanjikizana, ndipo pamwamba pa mutu wa a Sosten panali wotchi ija, yaikulu zedi, ya mivi yakuda. A Ida anali atanyamula chitenje chija pachifuwa, misozi ili mbwembwembwe.

“Anti, ndangotsegula foni pompano. Ndathamanga kwa otumiza katundu, akuti ngakhale ya changu singafike mawa. Anti, ndinakuuzani!”

Amake Tuse anayang'anitsitsa wotchiyo nthawi yaitali. “Ndiye munapitadi kukangoona,” anatero, mawu ali otsika ngati akudziyankhulira okha.

Ukwati tinauonera pafoni m'chipinda chopumira, m'mawa, tisanayambe kusambitsa okalamba. Tusekele analowa m'tchalitchi ndi velo yobwereka, yaifupi, imene akwatibwi ena ambiri anavalapo. Anali wokongola ndithu, ndipo ndinawauza amake zimenezo. Mwambo utatha mwanayo anaimba foni, kumbuyo kwake kukumveka nthungululu. Amake anayamba kufotokoza za pulagi, za tsitsi, za a Wanangwa, mawu akuphangirana.

“Amayi, musadandaule,” anatero Tusekele. Sanakwiye, ankaseka pang'ono. “Kudikira za ku America ine ndinazolowera.”

Ndinatuluka m'chipindamo, chifukwa kulira kwa munthu wamkulu sindikutha kukuonerera.

A Ida atabwera anadzapereka okha velo ija ku South Bend, pamodzi ndi kabokosi ka tiyi kojambulidwa wotchi. Amake Tuse anagwada kuwapepesa, a Ida nawo n'kugwada, ine n'kumawadzutsa onse awiri. Tiyiyo sanamutsegule mpaka lero. Velo anaikulunganso m'chitenje chomwechija n'kuiika pampando wapafupi ndi khomo. Ndinawafunsa kuti ikakatani ukwati unatha. Anati mwana wawo angoigwirako, aone kuti mikanda ija anasoka ndi manja.

Lamulungu lapitali mlongo wina kutchalitchi ananena kuti akupita ku Chicago kukaona mnzake. Ndinaona amake Tuse akutsegula pakamwa, kenaka n'kutseka.