Bala Louma la Pamsongolo

Linali Lachiwiri lina mu Ogasiti 2008, cha m'ma 10 koloko m'mawa, pamene chitsulo chamoto chinandigwera pamsongolo wakumanzere. Ndinkagwira ntchito yowotcherera zitsulo kudera la mafakitale la Workington. Ndinachita zimene amuna a m'magalaja timachita: ndinathirapo mafuta a mabuleki kuti bala liume msanga.

Linaumadi. Pofika Seputembala m'mbali mwake munali mutalimba ngati chikopa cha ng'oma, ndipo ndinkati ndikuchira. Koma pakati pankatuluka madzi, mwendo unatupa, nsapato inakana kulowa. Mu Okutobala dokotala wa kuchipatala chachikulu anati zikapitirira adzaudula. Wowotcherera wa mwendo umodzi salembedwa ntchito.

Ndinayamba kupita kukiliniki ya kwathu ku Dzivarasekwa. Tinkafika m'mamawa n'kukhala pabenchi mpaka dzuwa litakwera. Mankhwala kunalibe, ndipo anamwino ambiri anali atapita kumayiko ena. Anatsala Sista Mbewe, mayi amene makolo ake anachokera ku Dedza ngati anga. Madzi amchere ankawiritsa kunyumba kwawo n'kubwera nawo m'botolo. Mabandeji ankadula ku nsalu zakale zowiritsa.

Tsiku loyamba anagogoda m'mbali mwa bala ndi chala.

"Sekuru, mwendo si galimoto," anatero, kunditchula agogo m'chinenero cha kuno. "Asilikali a m'thupi amamva pamene aponda. Pakakhala pofewa, amadekha n'kuyamba kumanga. Pakalimba chonchi amayesa nkhondo ikadalipo, ndiye amangotupitsa, mnofu n'kumalimbirabe. Tifewetse kaye."

Katatu pamlungu ankapala mnofu wolimbawo pang'onopang'ono, kutsuka, kudzoza mafuta n'kumanga. Zinkapweteka kwambiri. Sindinawamvepo akudandaula, ngakhale masiku amene kolera inadzaza khonde lonse ndi odwala. Mu Disembala m'mbali munafewa, pakati panaoneka mnofu wofiira, ndipo kutupa kunayamba kuphwa.

Lero ndili bwino. Chipsera chilipo, ndimachisisita ndi mafuta monga anandiphunzitsira. Kwa anzanga a m'magalaja ndikuti, bala likatha mlungu osasintha, pitani nalo kuchipatala. Kuuma si kupola.

Kumapeto kwa Januwale Sista Mbewe anamasula bandeji, anadina ndi chala, n'kunena kuti ndisabwerenso. Ndinawomba m'manja powathokoza. M'mawa mwake makombi, maminibasi a kuno, kunalibe. Ndinanyamuka wapansi, miyendo yonse iwiri, kukafunsa ngati malo anga a ntchito akadalipo.