Atelala Abwerera Pagalasi

Shopu ya Atelala ili ndi zipinda ziwiri. Chakutsogolo chili ndi galasi lalitali ndi kabenchi kamene munthu amaimapo pomuyesa chovala. Chakumbuyo chili ndi makina osokera ndi zenera loyang'ana khoma. Mayiwa anakulira pagalasi paja, tepi yoyezera ili m'khosi, ndipo ankati chowachotsapo ndi imfa yokha.

Imfa inawalambalala. Chaka china anadwala mwakayakaya, ndipo mankhwala amene anawapulumutsa anapita ndi makutu onse awiri.

Sanakhale manja lende. Anaphunzira kuwerenga milomo mpaka anthu ena sankadziwa kuti akucheza ndi munthu wosamva. Koma telala poyesa chovala sayang'ana pakamwa pa mwiniwake. Amagwada kumbuyo, mapini ali pamilomo, maso ali pampendero. Munthu ankati, "Pakuthina apa," iwo zii. Tsiku lina mayi wina anakuwa kuti pini yamubaya, Atelala n'kudzazindikira ataona phazi likudumpha.

Mng'ono wawo, amene ankasoka nawo limodzi, anawavula tepi ija mwaulemu.

"Achemwali, inu muzikhala kumakina. Kutsogolo kuno ndizionako ine."

Sanatsutse. Anakhala kumbuyo zaka ndithu, kusokera matupi amene sanawayeze okha.

Kenako anamva kuti kuli opaleshoni yothandiza anthu osamva, napita kuchipatala. Dokotala wa makutu atawapima, anawakhazika pafupi n'kumayankhula pang'onopang'ono kuti aone milomo yake.

"M'kati mwenimweni mwa khutu muli kafupa kopiringizika ngati chigoba cha nkhono, kochepa kuposa batani la malaya. Muli timaubweya tosandutsa phokoso kukhala uthenga wopita ku ubongo. Tanu tinafa, ndipo sitimeranso. Koma mtsempha wake uli moyo. Tilowetsa kawaya kofewa m'kankhonoko kuti kazigwira ntchito ya timaubweyato."

"Ngati kulowetsa lasitiki m'chiuno mwa siketi?" anafunsa Atelala.

"Chimodzimodzi, mayi."

"Ndiye musakankhe mwamphamvu, adokotala. Amapindika."

Bala la opaleshoni litapola, anawaveka kachipangizo kuseri kwa khutu, ndi kena kobulungira kogwira kumutu ndi maginito. Atakayatsa, mng'ono wawo anawaitana, misozi ili mbwembwembwe. Atelala anakwinya nkhope.

"Iwe, unkayankhula chonchi kale? Ukumveka ngati bakha wagwera m'ndowa."

Dokotala anati ndi mmene zimayambira, ubongo uyenera kuzolowera mawu atsopanowa. Atelala anangogwedeza mutu. Kuphunzira sankakuopa.

Kushopu zinali zowawa. Makina ankalira ngati matalala padenga la malata, lumo likadula nsalu ankadzidzimuka. Koma kachipangizoko sanakavule. Anaika lamulo: aliyense wofuna kuwayankhula aziima kumbuyo kwawo.

"Nena chilichonse," ankauza mng'ono wawo, maso ali pasingano.

"Mwakalamba."

"Bwereza."

"Ndati mwakalamba!"

"Chimenecho ndamva. Mwano ndiye umamveka bwino."

Mapini nawo anapeza pogona. Akaweramira patebulo, ena ankakakamira pamaginito paja, iwo n'kumawafunafuna pansi.

"Achemwali, mwasanduka nungu," ankaseka mng'onoyo akuwazula.

Miyezi inapita. Bakha uja anayamba kumveka ngati munthu, kenako ngati mng'ono wawo weniweni.

M'mawa wina kunabwera mayi wa pafamasi, kasitomala wakalekale, kudzayesa diresi lake loti akavale pa tsiku limene mwana wake adzalandire digiri. Atelala anamuonera pakhomo la pakati. Anaimitsa makina, natuluka, n'kutambasula dzanja. Mng'onoyo anazengereza, tepi ili m'khosi mwake.

"Diresi ili n'lofunika, achemwali. Likalakwika palibe nsalu ina."

"Ndikudziwa. Ndinalidula ndine. Bweretsa."

Mayi wa pafamasi anakwera pakabenchi, akumwetulira mokayika. Atelala anagwada kumbuyo kwake, mawondo akulira, n'kuyamba kupinda mpendero. Manja ankadziwa njira yawo.

Mayiyo anazolowera kuti pamene pali Atelala munthu amayankhula zakukhosi. Anatembenukira kwa mng'ono uja, osatsitsa n'komwe mawu.

"Mayi, mudzalionenso nokha akachoka, eti? Komanso m'chiunomu mukundithina. Ndanenepa, koma musawauze, amaseka anthu awa."

Atelala anachotsa mapini pamilomo.

"Sindiseka. Ndinasiya nsalu yokwanira m'mbalimu, ndimasula pang'ono."

Mayiyo anagwira pakamwa, n'kuwayang'ana pagalasi. Atelala anali chigwadire, maso ali pampendero.

"Mayo ine! Mwamva?"

"Zonse. Imani mowongoka, mukupotoza mpendero."

"Kuyambira liti?"

"Kuyambira pa 'mudzalionenso nokha'."

Mng'ono uja anaseka mpaka anatsamira khoma. Mayi wa pafamasi anaphimba nkhope, naye akuseka, kenako anayamba kulamula monga kale: apa mukweze, apa mutsitse, manja afupike. Atelala ankayankha lamulo lililonse asanadzutse mutu. Limodzi lokha linawadutsa, ndipo anati, "Bwerezani," mopanda manyazi.

Mayiyo atapita, mng'onoyo anaima pakati pa shopu, manja ali m'chiuno.

"Nanga ine ndizikhala kuti tsopano?"

"Makina ali uko," anatero Atelala, akupukuta galasi. "Ulusi wakuda watsala pang'ono, uyambe waika wina."