Kunenerera Mpando wa Ndege

Ine ndinakulira m'kunenerera. Pa Mtunthama aliyense ankadziwa kuti ndikafunsa mtengo wa chinthu ndiye kuti wogulitsayo tsiku lamuthera. Zaka za makuponi zija ndi zimene zinandinola kwambiri. Munthu woti walandira kuponi ya feteleza koma alibe yoonjezera ankandipeza kuseri kwa golosale, kapepalako atakafumbata ngati kangamuthawe. Akatchula mtengo wake, ine ndinkaseka, kuyang'ana kumwamba, kenako n'kutembenuka kumapita. Sindinkaponda kasanu. "Bwerani, bwana, tikambirane." Sindikunena kuti inali ntchito yabwino. Ndikungofuna mudziwe mtundu wa munthu amene anatumidwa kukagula tikiti ya ndege.

Akazi anga anayamba kudandaula msana chaka chimene tinalima fodya wambiri. Kusoka masamba m'chigafa atawerama tsiku lonse, kusenza, kusankha, zonsezo zinasonkhana pamodzi. Pofika chaka chachitatu sankathanso kukhala pa mpando. Kutchalitchi ankaimirira kumbuyo atatsamira khoma, ulaliki ukatalika n'kutuluka kukagona pa chitenje pansi pa mtengo. Ku Lilongwe tinkapita nawo atagona pa matiresi kumbuyo kwa galimoto. Dokotala atayang'ana zithunzi anati mafupa a msana apana mtsempha, ndipo opareshoni yake ndi ya ku India. Anawonjezera mawu amene ndinawamva bwinobwino ndi makutu anga awiriwa: ulendowo ndi wautali, mayiwa asakhale tsonga kupitirira maola awiri, muwapezere mpando wogona.

Ndalama anatulutsa ndi alamu anga, mchimwene wawo wamkulu, amene ali ndi esiteti ku Lisasadzi. Anabwera okha kunyumba, n'kuika envulopu patebulo.

"Alamu, iyi ndi ya mlongo wanga. Mpando wogona, wa bizinesi kilasi. Inuyo mukakhala kumbuyo ndi anthu, msana wanu ndi wabwino."

"Zamveka, alamu."

"Ndipo kumeneko si kumsika wa mbuzi. Akatchula, lipirani."

Ndinaseka. Iwo sanaseke.

Ofesi ya matikiti ku Lilongwe inali yozizira ngati m'filiji ya bucha. Amene anandilandira anali mayi wachitsikana wa magalasi, woleza mtima kwabasi. Anatembenuza kompyuta kuti ndione. Anati kuchoka ku Lilongwe tidzayamba ndi ndege ya maola awiri, n'kukasintha kudziko lina, ndipo nkhani yagona pa ndege yachiwiriyo, ya maola asanu ndi limodzi. Zinalipo ziwiri. Ina yaikulu, ya tinjira tiwiri mkati, mpando wake wakutsogolo ukadina batani umatambasuka mpaka kukhala bedi. Ina yaing'ono, ya kanjira kamodzi, nayonso ili ndi bizinesi kilasi, yotsikirapo mtengo, koma mpando wake umangopendekera kumbuyo pang'ono.

Ine ndinayamba mafunso anga a pogula lole. Injini zingati? Ya chaka chanji? Matayala anasintha liti? Nanga imodzi ikazima m'mwambamo, inayo imakoka yokha? Anayankha zimene ankadziwa, zina n'kungomwetulira.

"Bambo, kwa odwala msana, ndi yaikuluyi basi. Pa tsiku lanulo mipando yogona yatsala itatu."

Mumtima ndinati, ehe, wayamba. Mawu akuti "yatsala itatu" ndinawayankhulapo ine kambirimbiri ndili ndi matumba makumi awiri kuseri.

"Achemwali, chotsaniko pang'ono."

"Mtengo sindiika ndine, bambo. Ndi kompyuta."

"Ndiye iuzeni kompyutayo kuti munthuyu wachokera ku Kasungu, wadzuka m'mamawa."

"Siimva zimenezo."

"Matikiti ndikugula awiri. Basela palibe?"

Anaseka mpaka kuvula magalasi. Ine ndinaona kuti wafewa. Ndinalemba nambala yanga ya foni pa kapepala, kuimirira, kukonza jekete, n'kutembenuka. Ndinaponda kasanu, zii. Kakhumi, zii. Chitseko chagalasi chinatseguka chokha, mlonda n'kundiuza kuti ndiyende bwino. Panja ndinagula chimanga chootcha n'kumadya pang'onopang'ono, diso lili pagalasi. Mtsikana uja anali akuthandiza bambo wina wa suti, osayang'anako n'komwe kumene ndinalowera.

Ndinabwerera ku Kasungu ndili ndi chikhulupiriro choti aimba. Akazi anga atafunsa ndinati zikutheka, akukonza mapepala. Masiku atatu foni ndinkayenda nayo m'manja ngakhale popita kuchimbudzi. Anaimba ndi munthu wofuna ndimugule nkhumba.

Tsiku lachinayi ndinakweranso basi. Mtsikana uja anandizindikira.

"Mwabwera, bambo a ku Kasungu. Yatsala iwiri, ndipo mtengo wakwera."

"Wakwera? Katundu akakhalitsa amatsika, achemwali. Tomato wa dzana sakwera mtengo."

"Ndege si tomato. Tsiku likamayandikira, umakwera."

Apa ndinapsa mtima zenizeni. Ndalama ya alamu inali ikukwanabe, koma kulipira zambiri kuposa za poyamba, ine, zinali ngati kundivula pamsika. Ndinati ndikaone kwina. Ndinayenda maofesi ena awiri, ina kutsidya kwa mlatho, dzuwa likuswa mtengo. Konseko anandionetsa mtengo womwewo, mipando iwiri yomweyo. Bambo wa ofesi yachiwiri ndi amene anandimasulira kuti onsewo amatunga pa chitsime chimodzi, palibe amene ali ndi ndege yakeyake kuseri. Anati ndigule pomwepo. Ndinakana, poganiza kuti mtsikana uja tazolowerana kale, mwina achotsako kenakake chifukwa cha manyazi. Pamene ndinkafika kwa iye n'kuti atatseka. Ndinagona kwa msuweni wanga, m'mawa n'kulawirira.

Sanadikire kuti ndikhale pansi.

"Yatha, bambo. Banja lina lagula dzulo madzulo."

"Yang'ananinso."

Anayang'ananso. Mpando wogona wotsatira unali wa milungu iwiri kutsogolo, pamene kalata ya chipatala inali ndi tsiku lake, ndipo dokotala wa kumeneko sankadikira munthu wa ku Mtunthama. Inatsala ndi ndege yaing'ono ija. Ndinafunsa kuti mpandowo umapendekera mpaka pati. Anandionetsa ndi dzanja, ndipo dzanjalo silinapite patali.

Ndinagula, kupita ndi kubwerera komwe. Pa basi ndinkadzilimbitsa mtima kuti bizinesi ndi bizinesi, azungu sangatche chinthu dzina lalikulu chotero chili chopanda pake. Kunyumba ndinaonetsa tikiti kwa akazi anga ndi alamu, chala chili pa mawu akuti bizinesi. Onse anakondwa. Ndalama yotsala ndinalephera kubweza, chifukwa kubweza kukanafuna kufotokoza. Ndinaisokerera m'thumba lamkati la jekete, mmene inkanditentha ngati khala.

Ndege yoyamba akazi anga anapirira ndi mapilitsi. Pa bwalo losinthira anagona pa mabenchi, ine nditagwira zikwama. Titalowa yachiwiri ndinawaperekeza pa mpando wawo. Unali mpando wabwino ndithu, wachikopa, wotakasuka ngati wa bwana wa banki. Anakhala, n'kudina batani. Mpando unapita kumbuyo pang'ono n'kuima. Anadinanso. Anaitana mayi wothandiza anthu m'ndegemo, ine n'kumasulira funso lawo m'Chingerezi changa cha ku okushoni ya fodya, ngakhale yankho ndinkalidziwa. Mayiyo anati ndege iyi ilibe mipando yogona, yogona ili mu zikuluzikulu.

Akazi anga sanakweze mawu. Anandiyang'ana kuyambira kunsapato.

"Munanenerera, eti?"

"Mayi, nkhani yake ndi yaitali."

"Pitani kumpando kwanu."

Mpando wanga unali kumbuyo kwenikweni, mzere wachiwiri kuchokera kuchimbudzi, m'mbali mwa kanjira. Wapakati unalibe munthu. Kuwindo kunali mayi wina wonenepa bwino, wa kwathu konkuno, amene ndinamva akuyankhula pa foni tisananyamuke, Chichewa chake chokokera ku Chitumbuka. Anandiuza kuti ndi wa ku Kaluluma, amapita kukaoda nsalu ndi mikanda, ulendo uno ndi wachisanu ndi chiwiri. Anavula nsapato, kufunda chitenje, n'kutseka maso.

Patatha ola ndi theka, wothandiza uja anabwera kudzandikodola. Ndinapeza akazi anga ataimirira m'kanjira, manja onse awiri atagwira mpando, thukuta lili kamukamu pamphumi. Mwendo wamanzere unkanjenjemera. Anandinong'oneza kuti sangathenso kukhala, ndiwapemphere agone pansi pomwepo. Wothandizayo anakana, anati pansi saloleza, ndege ikagwedezeka munthu angavulale. Kutsogolo kunali kudakali maola anayi ndi theka, pansi pathu madzi okhaokha.

Ndikubwerera kumbuyo, osadziwa chochita, ndinaona mwana wa Amwenye atagona pa mipando iwiri, mutu pamiyendo ya mayi ake. Zotsamira mikono zija anali atazikweza. Ndinayesa pa mzere wanga, nazonso zinakwera. Mipando itatu yopanda malire pakati, munthu wamfupi ngati akazi anga akhoza kugona atapinda maondo. Ndinathamangira kwa wothandiza uja. Anakafunsa mkulu wake, n'kubwera ndi yankho loti kusinthana n'kololedwa kamodzi kokha, bola mwini mpandoyo avomere yekha.

Ndinawagwedeza mayi a ku Kaluluma.

"Mayi, mwayi wanu lero. Mpando wa bizinesi kilasi, kutsogolo, ulere."

Anatsegula diso limodzi.

"Ulere? Ndiye uli ndi vuto lanji?"

"Ulibe vuto. Wachikopa. Chakudya chake cha m'mbale zenizeni, nkhuku, juwisi osawerengera."

"Nanga mukuutayiranji?"

"Akazi anga akufuna kukhala pafupi ndi ine."

"Inu? Nkhope imeneyo?" Anadzikonza chitenje. "Ine pano ndakhazikika, adada. Ndavula kale nsapato. Kutsogoloko n'kwa mabwana, akandiyang'ana mapazi."

Ndinazindikira kuti ndakumana ndi mnzanga wa ntchito. Ankadziwa kuti munthu sagawa chinthu chodula popanda chomuthamangitsa, ndipo ankadikira kuti ndichitchule. Ndinasiya zokometsera. Ndinawauza zonse, za msana, za alamu, za mipando itatu imene inasanduka iwiri, za chimanga chootcha chimene ndinadya panja pa ofesi. Anamvetsera pakamwa pali yasa.

"Mwati munanenerera ndege?"

"Eya."

"N'kuchokapo kuti akuitaneni?"

"Kawiri."

Anaseka mpaka bambo wa kutsogolo kwathu anatembenuka. Kenako anasuzumira m'kanjira, n'kuona akazi anga ali chiimire kutaliko, mutu uli pansi. Kuseka kunatha. Anayamba kufunafuna nsapato ndi mapazi.

"Katengeni mayiwo msanga. Koma mtedza wokazinga uli m'chikwama chanucho ndaumva fungo kuyambira pa bwalo. Bweretsani."

"Theka."

"Wonse, adada. Simunaphunzirebe?"

Ndinapereka wonse.

Akazi anga tinawagoneka chammbali, mutu kuwindo, pilo wina pakati pa maondo, wina kumsana, lamba titamangira pamwamba pa bulangete. Patapita mphindi zochepa mwendo unasiya kunjenjemera. Anapuma mpweya wautali, n'kutseka maso osandiyankhula.

Apo m'pamene ndinazindikira kuti ine ndilibe pokhala. Mpando wanga unali pansi pa mapazi awo. Ndege yonse inali yodzaza. Ndinaimirira pakhomo pa chimbudzi maola anayi, anthu n'kumandifunsa ngati ndili pa mzere. Ena ndinkawatsegulira chitseko. Ngolo ya chakudya ikamadutsa ndinkadziphatika kukhoma ngati nalimata. Ndege ikayamba kugwedezeka ankandilamula kukhala, ndiye ndinkalowa pansi pa miyendo ya akazi anga n'kuinyamula pa maondo, osasuntha, kuopa kuwadzutsa. Kamodzi katani ya kutsogolo itatseguka ndinaona mayi a ku Kaluluma atapendeketsa mpando, kansalu koyera pachifuwa, akudya ndi foloko. Anandikwezera tambula.

Potera anafunika kukhala tsonga mphindi makumi awiri, ndipo anapirira. Pa khomo la ndege panali njinga ya odwala ikuwadikira. Akuwakankha m'khonde lalitali la bwalolo, ine ndikutsatira ndi zikwama, miyendo itatupa ngati mitondo, anayankhula koyamba.

"Pobwerera ndi yomweyi?"

Ndinati eya.

"Ndi mabala a opareshoni?"

Ndinakonza chikwama paphewa, iwo n'kupitiriza.

"Mukasinthe. Ndipo alamu anu mukawauza nokha, ine sindikuthandizani."

Opareshoni inayenda bwino. Ali m'chipatala ndinafunsa njira ya ku ofesi ya ndege mumzindamo, ndinakwera kanjinga kamoto ka matayala atatu, n'kukapeza bambo wina wa ndevu zoyera kuseri kwa kompyuta. Ndinamuuza kuti ndikufuna ndege yaikulu, ya tinjira tiwiri, mpando umene umasanduka bedi, ndipo andionetse chithunzi chake ndione ndi maso. Anandionetsa. Anatchula yoonjezera. Ndinatulutsa ndalama ija ndinasokerera m'thumba la jekete, ndinaonjezera yanga imene ndinasungira feteleza wa chaka chimenecho, n'kupereka osatsegula pakamwa. Mpaka lero zimandiwawa, chifukwa bambo ameneyo, mmene ndinamuonera nkhope, akanatsitsa.