Tomato Wanga ndi Nkhokwe ya Amama

Chaka chomwe ananditumiza kukaphunzitsa ku Nsefu, ndinapita ndi nzeru za kwathu ku Katete, komwe chilombo choopsa chomwe ndinkachidziwa chinali mbuzi ya eni ake yolowa m'dimba. Nyumba yomwe anandipatsa inali kumapeto kwa mudzi, mbali ya kumtsinje. Kuseri kwake ndinamanga kampanda ka udzu n'kubzalamo tomato ndi repu. Kadimbako ndinkakanyadira ngati ndi kamene kankandidyetsa, pomwe mwezi ukatha malipiro ankabwera ndithu, mvula igwe kapena isagwe.

Pofika Seputembala kuzizira kunali kutatha. Mitengo ya tsanya inali itayoyola masamba, ndipo fumbi linkalowa mpaka m'mano. Thonje linali litagulitsidwa kale, choncho amuna ankaumba njerwa ndi kufolera nyumba, ife amayi tikukumana pamjigo dzuwa lisanakwiye. Kukada, mudzi unkakhala wa alendo ena. Mvunguti wa pakhomo panga unkagwetsa maluwa ofiira, ndipo mbawala inkabwera mwakachetechete kudzawatola. Nungu inkandisiyira minga yake panjira ya kuchimbudzi. Fisi naye anandibera poto yemwe ndinamuiwala panja, ndipo ndinakamupeza kuthengo atatafunidwa zogwirira zonse. Ndinatukwana mpaka ana a sukulu anadabwa kuti kani amadamu nawonso ali ndi pakamwa.

Oyandikana nane anali mayi wamasiye wachikunda, yemwe ankalera zidzukulu ziwiri zomwe ndinkaziphunzitsa. Ine ndinkawatcha amama, iwo ankanditcha amadamu. Chuma chawo chonse chinali nkhokwe imodzi ya nsungwi, momwe munali chimanga choti chiwafikitse ku zokolola zina. Ankakonda kundiseka akandiona ndikuthirira tomato madzulo, amvekere: "Amadamu, mwana ameneyu mudzamulembetsa giredi wani chaka chamawa?"

Miyezi imeneyi tchire likauma, njovu zimalowa m'midzi kutsatira fungo la chimanga. Mudziwo unali ndi dongosolo lake, ndipo nane ndinauzidwa pamjigo nditangofika. Njovu ikalowa, a kumtunda ndiwo amaimba zitini ndi kuyatsa miuni. A kumunsi, mbali ya kumtsinje, amazimitsa nyali n'kukhala chete, kuti nyamayo ione njira yobwerera kwawo ili yotseguka. Ukaitsekera kutsogolo imabwerera pakati pa nyumba za anthu. Ndinavomera ndi mutu, monga amavomerera ana m'kalasi akafunsidwa ngati amva.

Usiku wina ndinadzidzimuka ndi phokoso la zitini kumtunda. Nditasuzumira pawindo ndinaona njovu imodzi yamphongo ikutsetsereka pang'onopang'ono, osafulumira ngakhale pang'ono, kulowera kumtsinje. Inali itadutsa kale pakhomo pa amama osakhudza kanthu. Itafika pa mpanda wanga inaima, n'kukweza chitamba pamwamba pa udzu, kununkhiza.

Sindinganame kuti anali mantha. Unali mkwiyo weniweni. Ndinaganiza za madzi onse omwe ndinasenza pamutu kuchokera kumjigo, tomato atangoyamba kufiira, ndiye chinyama chingodya ngati chinalima nawo? Ndinatenga beseni ndi chipande, ndinatsegula chitseko, ndipo ndinamenya beseniyo ndi mphamvu zanga zonse, tochi ili pakamwa kuwalira kumaso kwake. Njovu inatambasula makutu, inabwerera m'mbuyo, kenako inatembenuka. Kwa kanthawi kochepa ndinadzimva ngati ngwazi. Kenako ndinamva nsungwi zikuthyoka, ndi mawu a mwana akulira kwa amama.

Amuna anathamangira komweko ndi miuni, koma njovu ikapeza chimanga siimva zitini. Inachoka itakhuta, kudzera njira ina. Palibe munthu anavulala. Ine ndinakhala pansi kuseri kwa chitseko, beseni ili pamiyendo, ndipo sindinatuluke kukathandiza chifukwa cha manyazi. Pa phokoso lonse lija, ndinkadzitonthoza kuti palibe akanasiyanitsa beseni yanga ndi zitini za kumtunda.

Kutangoyamba kuyera ndinatuluka. Nkhokwe ya amama inali pansi, denga lake litagwera uko, chimanga chotsala chitapondedwa m'dothi. Kadimba kanga kanali bwinobwino, ngakhale tsamba limodzi losathyoka. Sindinadanepo ndi chinthu changa ngati momwe ndinadanira ndi tomato uja m'mawa umenewo. Pafumbi la pakati pa nyumba ziwirizo panali mapazi aakulu ngati lichero, ndipo ngakhale ine wobwera ndinatha kuwawerenga. Anatsika molunjika kumtsinje, anafika pa mpanda wanga, anazungulira, n'kulunjika ku nkhokwe.

Amama sanali pa nkhokwe yawo. Anali atawerama pa mpanda wanga ndi tsache m'manja, akusesa mapaziwo.

"Mwauka bwanji, amadamu?" anatero osadzutsa mutu.

Ndinati, "Amama, ine ndi amene..."

"Ndinakumvani," anandidula. "Beseni ya kusitolo siilira ngati chitini. Koma a kumtunda sanamve. Ikamati sikisi amuna abwera kudzalondola mapazi, aone komwe inalowera ndi komwe inatulukira. Akafika apa asapeze zokamba."

"Asiyeni aone," ndinatero, misozi ikutsika. "Ndalakwa ndine."

Apo ndi pomwe anaweramuka n'kundiyang'ana. Maso awo anali ofiira ndi kusagona, ndipo sanamwetulire. "Akaona, chimanga changa chibwerera m'nkhokwe? Munthu wobwera sachedwa kudedwa kuno. Mudzayamba kutunga madzi nokha, kenako mudzapempha kuti akusamutseni, monga anachitira ena. Ndiye zidzukulu zanga zikhale zopanda chakudya, zikhalenso zopanda mphunzitsi?"

Ndikanakonda akanandilalatira pamaso pa mudzi wonse. Zikanandipepukira. M'malo mwake anandipatsa tsache lija.

"Malizani apa mpaka pamvunguti. Ine ndikatole zotsala nkhuku zisanatsike."

Anapita akutsimphina pang'ono, n'kukagwada m'dothi pamodzi ndi zidzukulu zawo, kutola chimanga chimodzichimodzi. Ine ndinawerama n'kuyamba kusesa. Mapaziwo anali ozama kuposa momwe ankaonekera, ndipo pomwe njovu inatembenukira ndinachita kukwirira ndi manja.