Ulesi wa Fetuao Unali Chotupa

Tsiku lomwe Fetuao anagwa m'nyumba yolukira mikeka kwathu pachilumba cha Savai'i, azimayi sanaleke n'kuluka komwe. Anali atamuzolowera. Akakhala kumwezi ankadzipinda ngati bongololo, ndipo mkeka wa ukwati wa msuweni wake unkangokhala pomwepo.

"Ulesi basi!" anatero azakhali ake, a Vaosa, omwe anamulera. "Kapena pali kanthu? Mnyamata wa basi uja ndimamuona ine."

Anaitanitsa mayi wosisita ndi mafuta ake a kokonati. Atangodina pamimba, Fetuao anakuwa mpaka nkhumba zinabalalika pabwalo.

Paja kwathu kuno mwana satsutsa wamkulu, ndipo polankhula naye amakhala pansi. Fetuao anali kale pansi, ndiye theka la mwambo analisunga.

"Azakhali, mudzandikalipire mawa. Lero ndikufa. Nditengereni kuchipatala."

Achipatala chapafupi anamuwolotsera kuchipatala chachikulu ku Apia, kutsidya kwa nyanja. Kumeneko anayamba n'kuyeza ngati ali woyembekezera.

"Ndimanena ine!" anatero a Vaosa, akuyang'ana odwala onse kuti awachitire umboni.

Mimba analibe. Sikani younikira m'mimba inaonetsa magazi atatayikira m'kati. Dokotala anati ndi endometiriyosisi: minofu yonga ya m'chiberekero inamera pathumba la mazira, n'kupanga chotupa chomwe tsopano chinali chitaphulika.

"M'chotupamo mumadzaza magazi akale, mayi, oderapo ngati koko wanu wam'mawa."

Kuyambira tsiku limenelo a Vaosa amamwa tiyi.

Madokotala anamuboola Fetuao timabowo titatu pamimba, kutsuka magaziwo ndi kuchotsa chotupacho.

"Nanga adzabereka mwana wangayu?" anafunsa a Vaosa.

"Thumbalo talipulumutsa. Mukanachedwa, bwenzi tikukamba zina."

Mayi wolusa uja analira ngati mwana. Zaka zisanu ndi ziwiri zonse ankatukwana munthu wodwala, ndipo chinawapweteka kwambiri n'chakuti ankamukonda.

Kuchira sikunabwere tsiku limodzi. Fetuao ankamwa mapiritsi oletsa matendawo kubwerera, ndipo miyezi ina ululu unkamuchezerabe. Mayeso olowera sukulu ya unamwino analephera kawiri, kachitatu anakhoza. Mkeka uja anaumaliza msuweni ali ndi ana awiri.

Lero Fetuao ndi namwino, ndipo odwala ambiri amamubweretsera ndi a Vaosa. Mtsikana akangoti tsinya m'nyumba yolukira, amamugwira dzanja.

"Nyamuka! Sikani!"

"Koma azakhali, ndangodya mango ambiri."

"Ukafotokozera dokotala zimenezo."

Mwa atsikana khumi omwe anawakoka chaka chatha, asanu ndi anayi analidi a mango. Wakhumiyo anali ndi chotupa, ndipo anachichotsa chisanaphulike.

Inu amene mwezi uliwonse mumadzipinda anthu n'kumati ndinu aulesi, thupi ndi lanu ndipo ululu mukuumva ndinu. Lankhulani mwaulemu, mutakhala pansi ngati mwambo ukutero, koma musatseke pakamwa mpaka wina akuyezeni. Musafooke, ndipo musataye mtima.