Buku Limene Tidakwirira ndi a Yakobe

Ndikamva fungo la polishi wa nsapato, ndimaona agogo anga a Simiyoni ali pakhonde ku Zomba, akupukuta jombo ziwiri zakale zomwe zidasiya kuwakwana chifukwa cha kutupa kwa mapazi. Ankalavulira pang'ono pachikopa n'kuzunguliza kasanza mpaka jomboyo itawala, wailesi ikulira chapansipansi, nkhuku zikujompha madeya pafupi ndi ndodo yawo. Khutu lawo lakumanzere lidagontha ndi mizinga ya ku Burma, choncho ana tonse tinkadziwa kuti nkhani imalowera kumanja.

Kuno ku Dubai, m'nyumba ina ku Al Barsha, ndimasamalira nkhalamba yachizungu, bambo ake a madamu anga. Nawonso adali msilikali. Boma la kwawo limawalipirira njinga ya olumala, namwino wobwera Lachiwiri ndi Lachisanu, ngakhalenso ine amene. Sindiwachitira nsanje. Ndi munthu wofatsa, amathokoza pa supuni iliyonse ya phala. Koma ndikamawasambitsa, mtima umawira chifukwa cha agogo.

Nthawi ya nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, amene adaitanidwa adali akulu awo a agogo, a Yakobe. Koma a Yakobe adali atangokwatira, mkazi ali woyembekezera. Agogo adanyamuka m'malo mwawo, nayankha dzina la mkulu wawo zaka zinayi. Buku lausilikali lomwe adabwera nalo lidalembedwa kuti Yakobe, ndipo lidasungidwa m'sutikesi ya a Yakobe, poti ndiyo yokha pamudzi inali ndi loko. A Yakobe atamwalira, achibale adawaikira zinthu zawo m'bokosi monga mwa mwambo: chipewa, kaliwo, ndi kabuku kofiirira kaja, mlembi wa mpingo atawerenga dzina pachikuto n'kunena kuti n'kawo. Agogo adazindikira manda atakwiriridwa kale.

Ndili ndi zaka khumi ndi ziwiri, agogo adafa ziwalo mbali imodzi. Chaka chomwecho kudabwera akuluakulu awiri pagalimoto kudzalemba asilikali okalamba, kuti azilandira thandizo mwezi ndi mwezi, ndipo odwalika apatsidwe bedi ndi bulangete kunyumba yosamalira asilikali. A Pondani, oyandikana nafe, omwe nkhondo yonse adaithera akuphika mpunga ku Nairobi, adatulutsa buku lawo, nalembedwa. Amayi adawaveka agogo jekete. Agogo adatchula nambala yawo pamtima, osaphonya, naonetsa chipsera cha pantchafu. Akuluakulu aja adamvetsera mwaulemu, kenako adati popanda buku palibe chomwe angachite. Adatseka cholembera, napita.

Amalume adapsa mtima. Adati kabukuko kanali m'chitini, sikangakhale katawola, ndiye tipemphe chilolezo tifukule manda. Agogo adawayang'ana, pakamwa patakhota.

"Mukamudzutse mkulu wanga chifukwa cha bulangete? Musiyeni agone. Dzina ndidabwereka, ndabweza."

Nkhani idathera pomwepo. Amayi adasiya ntchito yosoka ku tauni, natembenuza agogo pamphasa zaka zitatu, kuwatsuka zilonda za kumsana ndi madzi amchere. A Pondani, mwezi ukatha, ankabwera ndi theka la shuga ndi sopo zomwe alandira, n'kukhala dala mbali ya khutu logontha, akukuwa.

"Iwe gonthi, landira. Ndidakuphikira kale ku Nairobi, ndikukuphikirabe."

Agogo ankayankha kuti mpunga wa a Pondani udapha anthu ambiri kuposa mizinga.

Mpaka lero sindikhululuka kuti chipsera chidalephera kuchita zomwe pepala likadachita. N'chifukwa chake pansi pa bedi langa pali chikwama cha mapepala: mapangano onse a ntchito, makadi a kuchipatala, ngakhale tikiti ya ndege yoyamba. Atsikana anzanga a ku tchalitchi ku Karama amandiseka, amati ndine ofesi yoyenda. Aseke.

Mwana wanga ndidamuuza kale, ndipo ndidamulembera. Ndikadzamwalira, adzandiike ndi nsalu yanga ya chigwirizano. Pepala ngakhale limodzi lisadzalowe m'bokosi.